Kugwedera kwa input shaft ya giyabokosi: mmene mungayesere musanaganize zogula ina

Nthawi imene eni magalimoto ambiri amayamba kudera nkhawa giyabokosi ndi tsiku limene yatsitsidwa pansi kuti asinthe kilatchi. Ikagonekedwa pa tayala lakale m'galaja, shafuti yake yakutsogolo imaonekera poyera, ndipo aliyense amene ali pafupi amafuna kuigwira kunsonga ndi kuigwedeza. Ikangosuntha pang'ono pamamveka mawu akuti giyabokosi yatha, ndipo mwini galimoto amayamba kuwerengera ndalama zogulira ina asanadziwe n'komwe chimene chavuta. Magiyabokosi abwinobwino ambiri amasulidwa popanda chifukwa mwa njira imeneyi, pomwe ena owonongeka ndithu abwezeredwa m'galimoto chifukwa woyesayo anagwedeza mbali imodzi yokha n'kukhutira. Kugwedera kumeneku, kumene amakaniko amakutcha pulei, kuli ndi mlingo wake wovomerezeka, ndipo munthu wodekha akhoza kuuzindikira pogwiritsa ntchito manja, makutu ndi chida chimodzi choyezera.

Shafuti imene tikunena ndi input shaft, imene ena amaitcha spigot shaft. Ndiyo imalandira mphamvu ya injini kudzera pa kilatchi puleti, imene imavekedwa pa masipulaini ake, timizere tija togobedwa m'litali mwa chitsulocho. Ikakhala m'galimoto imagwiridwa m'malo atatu. Pakhomo la giyabokosi pali beringi yaikulu imene imasenza katundu wambiri. Kumbuyo kwake, mkati mwa giyabokosi, shafutiyi ili ndi kabowo mmene mumalowa mutu wa main shaft, shafuti yotulutsa mphamvu kumbuyo kwa giyabokosi, utakhala pa kaberingi kakang'ono. Kutsogolo, nsonga yake imalowa mu spigot bearing, kaberingi kapena kabushi kokhala pakati penipeni pa fulayiwilo, kumapeto kwa kilankishafuti.

Nkhani yonse yagona pa chogwirira chachitatuchi. Mukatsitsa giyabokosi, spigot bearing imatsalira ku injini, choncho nsonga imene mukugwedezayo ili m'malere, mosiyana ndi mmene imakhalira galimoto ikamayenda. Beringi iliyonse ya timipira imapangidwa ndi kampata kochepa kwambiri mkati mwake, kuti oyilo azilowa komanso kuti chitsulo chikatentha n'kufufuma isamangike. Kampata kameneka sikaoneka ndi maso, koma shafutiyo imatulukira kunja kutalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu kapena kuposerapo, ndipo kutalikako kumakulitsa kusunthako. Zimafanana ndi chitseko cha geti: pa hinjesi simungaone mpata uliwonse, koma mukachinyamula kumapeto chimakwera ndi kutsika moonekeratu. Choncho kugwedera cham'mbali kunsonga pakokha si umboni wakuti beringi yafa.

Dziwani kaye mtundu wa beringi

Musanaweruze chilichonse muyenera kudziwa kuti giyabokosi yanu ili ndi beringi yamtundu wanji pakhomo pake, chifukwa pulei imene ili yabwinobwino pa galimoto ina ndi chizindikiro cha ngozi pa inzake. Giyabokosi ya R151F ya Toyota, imene imapezeka m'ma Hilux ambiri akale komanso m'ma Land Cruiser 78 ndi 79 a injini ya 1HZ, ili ndi beringi ya timipira yogwiridwa ndi circlip, kamphete kachitsulo koletsa beringi kusuntha pamalo pake. Pa giyabokosi zoterezi nsonga imatha kugwedera cham'mbali ngakhale zonse zili bwino, ndipo kwa ine kusuntha kwa pafupifupi theka la milimita, ngakhale kuyandikira milimita imodzi pa giyabokosi imene yayenda mtunda wautali, sikundidetsa nkhawa ngati mayeso ena onse atuluka bwino. Chimene buku la Toyota limasamala kwambiri pomanga ndi pulei ya kutsogolo ndi kumbuyo: ma circlip amakhala ochindikala mosiyanasiyana, ndipo womanga amauzidwa kusankha imene isiye mpata wochepetsetsa.

Land Rover inatsata njira ina. Giyabokosi ya LT77, pamodzi ndi R380 imene inailowa m'malo mu 1994 m'ma Defender ndi ma Discovery, imagwiritsa ntchito maberingi a tepa, ofanana kapangidwe ndi aja a m'mahabu a mawilo. Beringi ya tepa imakhala ngati chikho cholowetsedwa m'chikho chinzake, ndipo mpata wake umakonzedwa ndi mashimu, timphete tachitsulo topyapyala, oikidwa kumbuyo kwa maberingi. Pulei ya kutsogolo ndi kumbuyo imene imaloledwa pamenepa sifika n'komwe pa 0.1 mm, kutanthauza kuti ndi yopyapyala kuposa pepala la m'kope la mwana wa sukulu. Popeza pa beringi ya tepa kusuntha kwa kutsogolo ndi kumbuyo ndiko kumabala kugwedera kwa m'mbali, nsonga ya Defender ikamagwedera kwambiri ndiye kuti mwina maberingi adyeka kapena mashimu anaikidwa olakwika. Kugwedera komweko pa Hilux mwina sikutanthauza kanthu.

Mverani galimoto isanamasulidwe

Mayeso abwino kwambiri amachitika giyabokosi ikadali m'galimoto, ndipo ndimamva chisoni munthu akabwera nayo itatsitsidwa kale, chifukwa umboni wa makutu amakhala wautaya. Imitsani galimoto pamalo abata, injini itatentha bwino, giya ili pa nyutulo, phazi lanu litachoka pa kilatchi. Pa nthawi imeneyi input shaft ndi layshaft, shafuti ina ya magiya yokhala mkati mwa giyabokosi, zikuzungulira. Mukamva kulira konga kwa chigayo chakutali, pondani kilatchi mpaka pansi n'kudikira masekondi angapo. Phokosolo likazimiririka pang'onopang'ono pamene mashafuti akuima, ndiye kuti likuchokera mkati mwa giyabokosi, makamaka pa beringi ya input shaft kapena ya layshaft. Likamayamba pamene mwangoyamba kuponda kilatchi, wolakwa ndi release bearing, beringi imene imakankha kilatchi mukaponda. Likamamveka pokhapokha mwaponda mpaka pansi giya ili mkati galimoto itaima, ganizirani za spigot bearing, chifukwa ndi nthawi imeneyo imene kilankishafuti ikuzungulira pomwe nsonga ya input shaft yaima.

Musasokoneze kulira kwa beringi ndi kuphokosera kwa mano a magiya kumene kumamveka pa magalimoto ambiri a dizilo injini ikamalira pansipansi. Kuphokosera kumeneko kumachepa mukangowonjezera moto pang'ono, pomwe beringi yodyeka imalira mowonjezereka injini ikamathamanga.

Kenaka yendetsani galimoto pamsewu wosalala. M'magiyabokosi a magiya asanu amene tatchulawa, giya yachinayi imalumikiza input shaft ndi main shaft mwachindunji, mphamvu osadutsa pa layshaft, choncho maberingi akutsogolo amapumula. Phokoso limene likumveka pa giya yachiwiri, yachitatu ndi yachisanu koma n'kutsika kwambiri pa yachinayi limaloza ku maberingi amenewa. Chizindikiro china chofunika ndi giya yachinayi kudumpha yokha kubwerera pa nyutulo, makamaka mukachotsa phazi pa moto potsika mtunda. Zimenezi zimachitika input shaft ikasiya kukhala pamzere umodzi ndi main shaft, ndipo gwero lake likhoza kukhala beringi yaikulu, spigot bearing yotha, kapena giyabokosi imene inamangidwa mopendekeka.

Kuyesa giyabokosi ili pansi

Yambani ndi kukhetsa oyilo m'beseni loyera, osati m'chigubu chakuda mmene simungaonemo kanthu. Pulagi yokhetsera oyilo nthawi zambiri imakhala ndi maginito. Phala lotuwa losalala, limene mukalifikisa pakati pa zala silibaya, ndi kudyeka kwa masiku onse. Tizidutswa tonyezimira tonga mamba a nsomba timasonyeza kuti beringi yayamba kusendeka, ndipo mukapeza kachitsulo konga kasingano kapena chidutswa cha dzino, mayeso ena onse alibenso ntchito, giyabokosi iyenera kutsegulidwa. Fumbi lachikasu longa golide limachokera ku mphete za synchro, zimene zimathandiza magiya kulowa mosakhulana. Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi, vuto lodziwika bwino pa magalimoto owoloka mitsinje nthawi ya dzinja: giyabokosi yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wamkati umafota n'kukokera madzi kudzera pa kabowo kopumira kapena pa silo, mphira wotchinga oyilo kuti asatuluke, ndipo madziwo akakhalitsa amasiya timaenje ta dzimbiri pa maberingi.

Tsukani shafuti ndi mkati mwa bell housing, chigoba chophimba kilatchi ndi fulayiwilo, ndi nsanza yonyowa. Musapemerere fumbi la kilatchi ndi mpweya wa kompuresa, chifukwa ndi loipa m'mapapo. Chotsani release bearing ndi foloko yake kuti manja anu agwire momasuka.

Tsopano gwirani shafuti ndi dzanja lonse, ndipo muikokere kwa inu n'kuikankhira mkati mwamphamvu koma mosagwedeza cham'mbali. Ili ndilo yeso limene ndimalikhulupirira koposa onse. Ikani chala cha dzanja linalo pamene shafuti ikutulukira m'chubu chake, chifukwa khungu la chala limamva kusuntha kumene maso sangakuone. Pa giyabokosi yabwino simumva kanthu, kapena mumangomva kusuntha kochepa kopanda phokoso. Mukamva kugunda koti "go, go" ndipo maso akuona shafuti ikulowa ndi kutuluka, pali vuto, kaya giyabokosiyo ndi ya Toyota kapena ya Land Rover: mwina timipira ndi njira zake zadyeka, mwina circlip yachoka m'malo mwake, mwina mashimu aperewera.

Mukatero izungulitseni pang'onopang'ono giya ili pa nyutulo, poyamba momasuka, kenaka mukuikankhira mkati, kenaka mukuikokera kunja, kenakanso mukuipanikizira m'mbali. Beringi yabwino imazungulira mosalala ngati supuni m'mafuta. Yowonongeka imamveka ngati muli mchenga, kapena imakhala ndi pamalo pena pamene imagwiragwira. Kuipanikiza pozungulitsa n'kofunika chifukwa beringi yodyeka mbali imodzi imatha kumveka bwino ikakhala yopanda katundu.

Pomaliza ndi pamene mungagwedeze nsonga cham'mbali, m'mwamba ndi m'munsi, kumanja ndi kumanzere. Onani ngati kugwederako kuli kofanana mbali zonse. Kenaka lowetsani giya yachinayi n'kugwedezanso. Popeza tsopano input shaft yagwirana ndi main shaft, kugwederako kuyenera kuchepa. Kukapitirira chimodzimodzi, ndipo mukuona kuti shafuti ikusuntha ngakhale pafupi ndi silo m'malo mongopendekeka kunsonga, beringi yaikulu kapena malo ake m'chikwama cha giyabokosi ndi okayikitsa.

Amene angathe kubwereka dial gauge achite zimenezo, chifukwa imathetsa mkangano pakati pa makaniko ndi mwini galimoto. Chidachi chili ngati wotchi, ndipo kamzere kalikonse nthawi zambiri kamaimira 0.01 mm. Maginito ake sagwira pa bell housing ya aluminiyamu, choncho mangani kachitsulo kafulati pa bowo limodzi la bawuti n'kuikapo. Ikani kansonga ka chidacho pamphumi pa shafuti, moongoka ndi kutalika kwake, zungulitsani shafuti kangapo kuti maberingi akhazikike, ikankhireni mkati, ikani muvi pa 0, kenaka muikokere kunja n'kuwerenga. Bwerezani katatu mutazungulitsa shafuti pamalo ena. Pa LT77 ndi R380, muvi ukadutsa 0.1 mm ndiye kuti mwatuluka kale m'malire. Pa giyabokosi ya timipira beringi yokha imapereka kampata kake, koma nambala ikamayandikira theka la milimita ine sindingaibwezere m'galimoto ndisanaione mkati.

Chaka china m'nyengo ya mvula kunabwera Land Cruiser ya pikapu imene inkatuta feteleza m'misewu ya matope, kilatchi yake ikuterereka. Titatsitsa giyabokosi, mwini wake anagwira nsonga, naona ikugwedera, ndipo pofika madzulo anali atakambirana kale mtengo wa giyabokosi ina yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndinamupempha kuti adikire tsiku limodzi. Oyilo anali woyera, shafuti sinkalowa kapena kutuluka, ndipo inkazungulira mosalala. Nditawalitsa tochi pakati pa fulayiwilo ndinapeza kuti spigot bearing inali itauma, chala chinatuluka ndi fumbi lofiira la dzimbiri, ndipo mphete yamkati inkagwedera yokha. Tinasintha kaberingi kameneko, silo yakutsogolo ndi kilatchi yonse, giyabokosi osaitsegula. Mwezi womwewo Defender ina inabwera nsonga yake ikugwedera mocheperapo poyerekeza ndi ya Land Cruiser ija, koma poikoka inkagunda, ndipo titaitsegula tinapeza njira ya beringi ya tepa ili ndi timaenje kuzungulira konse.

Zimene zimaiwalika kumbali ya injini

Musamalize kuyesa musanayang'ane spigot bearing ndi nsonga imene imalowamo. Nsongayo iyenera kukhala yosalala ndi yozungulira bwino. Ikakhala ndi mizere yakuya, kapena yasanduka yabuluu chifukwa cha kutentha, kaberingi katsopano sikakhalitsa pamenepo, ndipo shafuti iyenera kusinthidwa kapena kukonzedwa kwa odziwa ntchito ya lefu. Kaberingi kameneka n'kotsika mtengo poyerekeza ndi ntchito yotsitsa giyabokosi pamodzi ndi transfer case, bokosi logawa mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, choncho kasintheni nthawi iliyonse imene mwasintha kilatchi, ngakhale kakuoneka kabwino. Popanda chida chokokera, amakaniko ambiri amadzaza bowolo ndi girisi kapena mapepala onyowa, n'kulowetsamo chitsulo chokwana bwinobwino pabowo la pakati ndi kuchimenya ndi hamala, ndipo zodzazidwazo zimakankhira kaberingi kunja. Polowetsa katsopano menyani mphete yakunja yokha.

Yang'ananinso timapini tiwiri tolondolera, ma dowel, timene timakhala pakati pa injini ndi bell housing. Mabawuti amangogwira, koma timapini timeneti ndi timene timaika giyabokosi pamzere umodzi ndi kilankishafuti. Timatayika kawirikawiri injini ikasinthidwa, kapena timatsalira pa injini yakale. Giyabokosi yomangidwa popanda timapiniti imakhala yopendekeka pang'ono, input shaft imapindidwa pa kuzungulira kulikonse, ndipo beringi yatsopano imatha m'kanthawi kochepa. Ngati galimoto yanu yadya beringi ya input shaft kawiri motsatizana, yambirani kufufuza pamenepa.

Masipulaini nawo ali ndi pulei yawoyawo imene anthu amaisokoneza ndi ya beringi. Vekani kilatchi puleti yatsopano pa shafuti: iyenera kuyenda kutsogolo ndi kumbuyo mosagwira, ndipo mukaipotokola shafuti itagwiridwa isasunthe kwambiri. Mano a masipulaini akadyeka n'kukhala ndi masitepe, kilatchi imavuta kulekanitsa ngakhale zonse zili zatsopano.

Kusankha chochita

Ngati chimene mwapeza ndi kugwedera kwa m'mbali kokha pa giyabokosi ya timipira, popanda phokoso lakale, popanda tizitsulo mu oyilo, popanda kugunda pokoka, ndipo ikuzungulira mosalala, ibwezereni ndi mtima wokhazikika. Ndi bwino kutsegula chivundikiro chakutsogolo, chimene chimagwiridwa ndi mabawuti ochepa, kuti musinthe silo ndi kuona beringi ndi maso. Onani ngati circlip ili m'malo mwake, ngati chogwirira timipira chili chathunthu, ndiponso ngati mphete yakunja ya beringi sinakhale ikuzungulira m'chikwama, zimene zimasiya chizindikiro chonyezimira. Chilichonse chimene mwachipeza kumbuyo kwa chivundikirocho chibwerere pamalo pake penipeni.

Mukapeza chimodzi mwa zizindikiro zoipa zija, musanyengedwe ndi maganizo osintha beringi imodzi yokha. Tizitsulo timene tachoka pa beringi imeneyo tayenda ndi oyilo m'giyabokosi yonse, ndipo maberingi a layshaft ndi kaberingi ka m'kabowo ka input shaft kawirikawiri amakhala atakhudzidwa. Popeza kutulutsa input shaft kumafuna kumasula chikwama chonse, ndi nzeru kusintha maberingi onse ndi masilo nthawi imodzi. Gulani a makampani odziwika monga Koyo, NSK, NTN, Timken kapena SKF kwa wogulitsa amene mumamukhulupirira, popeza achinyengo ovala mayina omwewa aliponso pamsika. Beringi ilowetsedwe pa shafuti ndi puresi yokankha mphete yamkati, chifukwa mphamvu ikadutsa m'timipira imasiya timaenje beringi isanagwire n'komwe ntchito.

Mayeso omwewa ndi amene muyenera kuchita pogula giyabokosi yakale, kaya ku Ndirande, ku Lilongwe kapena yochokera kunja. Pemphani kuti atsegule pulagi muone maginito, kokani ndi kukankha shafuti, izungulitseni pa giya iliyonse mukuyang'ana kumbuyo ngati mphamvu ikutuluka. Giyabokosi imene yakhala pamvula nsonga itayang'ana kumwamba ichenjereni, ngakhale isagwedere n'komwe, chifukwa dzimbiri nalo limatha kuumitsa beringi n'kuoneka ngati yolimba.

Pobwezera, galimoto ikhale pa zogwiriziza zolimba osati pa jeke yokha, ndipo giyabokosi inyamulidwe ndi jeke yakeyake, chifukwa pamodzi ndi transfer case ndi katundu woti akhoza kuthyola munthu. Ikani kilatchi puleti pakati penipeni ndi chida cholondolera, pakani girisi wochepa kwambiri pa masipulaini n'kupukuta wotsala kuti asadonthere pa puleti. Musalole giyabokosi kulendewera pa input shaft ngakhale kwa kamphindi, ndipo musaikoke ndi mabawuti ikakana kulowa. Ikatsala mpata wa chala chimodzi ndiye kuti nsonga sinapeze spigot bearing, choncho igwedezeni pang'ono, zungulitsani shafuti yakumbuyo giya ili mkati, mpaka ikhale yokha pa timapini take. Thirani oyilo amene buku la galimotoyo likunena: R151F imalandira oyilo wa magiya wa 75W-90, pomwe R380 ili ndi pampu mkati ndipo imafuna oyilo wopepuka wa MTF 94, osati wolemera wa m'ma difu. Pa Defender kumbukirani kuti pulagi yotsekera kabowo ka pansi pa nyumba ya fulayiwilo imaikidwa powoloka madzi ndipo imachotsedwa mukatuluka, kuti oyilo wodontha asaunjikane pafupi ndi kilatchi.

Pakapita masiku angapo galimoto ikuyenda, gwadani muone pansi pa bell housing. Dontho likakhalapo ligwireni ndi chala n'kulinunkhiza. Lakuda bii pa galimoto ya dizilo ndi oyilo wa injini wochokera pa silo yakumbuyo ya kilankishafuti, pomwe loyera, lokhala ndi mtundu ndi fungo la oyilo amene munathira m'giyabokosi, likuchokera pa silo ya input shaft. Silo yatsopano ikayamba kudontha msanga chonchi ndiye kuti shafuti ikusuntha kuposa mmene mphira wa silo ungatsatire, ndipo giyabokosiyo iyenera kutsikanso oyiloyo asanafike pa kilatchi puleti.